Ntchito yapezeka ku Camps Bay, nanga chipinda cha lendi chotsika mtengo chipezeka kuti?

Yamikani: Moni nonse pagulu pano, makamaka akuluakulu a ku Cape Town. Ndikupempha nzeru. Ndapeza ntchito ya kukhitchini pa lesitilanti ina ku Camps Bay, ndiyamba pa 1 Juni. Pano ndili ku Joni, mapepala anga ali bwino. Malipiro ndi R8,500 pamwezi, masiku 6 pa sabata, mashifiti ena otuluka 4 koloko madzulo, ena 11 koloko usiku. Ndibwera kaye ndekha, mayi a kunyumba ndi mwana adzanditsatira ndikakhazikika. Ndiyang'ane chipinda dera liti, ndipo ndisunge zingati zolowera?

Bambo a Tadala: Takulandirani achimwene. Zokhala ku Camps Bay kwenikweniko ziiwaleni, chimodzimodzi Clifton ndi Bantry Bay. Kumeneko anthu amapitako kukagwira ntchito, kugona amagona kwina. Musayambe ndi funso loti chipinda chotchipa chili kuti. Yambani ndi loti 11 koloko usiku mukatuluka pakhomo pa lesitilanti, mukwera chiyani. Mukayankha limenelo, dera lidzisankha lokha. Njira zolowera ku Camps Bay ndi zitatu: kuchokera m'tauni kudzera Kloof Nek, kuchokera ku Sea Point m'mbali mwa nyanja, ndi kuchokera ku Hout Bay pa Victoria Road. Chipinda chanu chikhale poti mukwera kamodzi, zikavuta kawiri. Katatu ayi.

Che Jafali: Ndiye Hout Bay basi, palibenso zovutikira. Imizamo Yethu, ena amati Mandela Park, ili pamtunda wosakwana makilomita 15 kuchoka ku Camps Bay, msewu ndi umodzi. Basi ya khonsolo ya MyCiTi nambala 109 imadutsa pa Imizamo Yethu, 108 imachokera ku Hangberg, zonse zimadzera Camps Bay ndi Sea Point mpaka m'tauni. Matakisi nawonso alipo. Achimalawi aliko ambiri, ufa, usipa ndi nyemba zakwathu simusowa, mipingo ndi mizikiti ili pafupi.

Aunt Esnart: Che Jafali, nenani zonse. Munthuyu akuti mkazi ndi mwana akubwera. Ku Imizamo Yethu kuli nyumba za njerwa cha kumunsi, komanso kuli tinyumba ta malata tothithikana tokwera phiri. Ta malatato ndi totchipa, koma chimbudzi ndi mpopi ndi zogawana ndi anthu ambiri, ndipo moto ukabuka sugwirika. Moto wa mu Malichi 2017 unasiya anthu masauzande alibe pogona. Ku Masiphumelele, kufupi ndi Fish Hoek, wa mu Disembala 2020 unapsereza nyumba zoposa 1,000. Chimachititsa ndi mphepo ya kummwera chakummawa imene imaomba mwamphamvu kuyambira cha mu Novembala mpaka Febuluwale. Kandulo kapena sitovu ya parafini ikagwa pa nyumba imodzi, mphepo ija imaunyamula motowo, ndipo galimoto ya ozimitsa moto ilibe polowera.

Che Jafali: Zoona aunt, sindikutsutsa. Ndiye akafika ayang'ane chipinda cha njerwa kuseri kwa nyumba yaikulu, pa mzere umene galimoto imafika pakhomo. Zimenezo zimadulako, komanso sizikhalitsa zopanda munthu. Sizilengezedwa pa intaneti, zimayenda pakamwa. Afunse anzake a kukhitchini tsiku loyamba lomwelo, ambiri mwa iwo amagona komweko.

Bambo a Tadala: Mbali inayo ndi ya m'tauni. Woodstock, Salt River, Observatory, Maitland, Brooklyn. Onsewa ali pafupi ndi siteshoni yaikulu ya Cape Town, pamwamba pa siteshoniyo ndi pamene pali renki ya matakisi, ndipo pa siteshoni ya mabasi ya Civic Centre pali MyCiTi 107 yokwera Kloof Nek kupita ku Camps Bay. Woodstock ndi Observatory zinakwera mtengo chifukwa cha ana a ku yunivesite ya Cape Town (UCT) ndi anthu a m'maofesi. Maitland ndi Brooklyn zikadali zofikirika. Ubwino wa Maitland ndi Voortrekker Road, matakisi ochokera ku Bellville, Parow ndi Goodwood amadutsa pomwepo tsiku lonse, sitima iliponso. Parow ndi Bellville zipinda ndi zambiri koma mtunda watalika. Dunoon, Joe Slovo Park ndi Parklands ndi zabwino kwa wogwira ntchito ku Table View, Blouberg kapena Montague Gardens. Kwa inu ndi basi ya MyCiTi T01 mpaka Civic Centre kenako kusinthanso basi, m'mawa zitheka, usiku ndi mavuto.

Chikondi M: Nanga Khayelitsha, Philippi, Delft? Kumeneko ndiye lendi ili pansi zedi.

Bambo a Tadala: Ili pansi inde, koma tiyeni tiwerenge. Manambalawa ndi oyerekeza, aliyense aikemo ake. Chipinda chakutali R2,200. Kukwera kawiri kupita, kawiri kubwerera, tinene R70 patsiku, masiku 26 ndi R1,820. Shifiti yausiku ikakusiyitsani thiransipoti kanayi kokha pamwezi n'kuitana Uber ya R200, ndi R800 ina. Zonse R4,820. Tsopano chipinda cha R3,500 chokwera basi imodzi ya R36 kupita ndi kubwera: masiku 26 ndi R936, pamodzi R4,436. Chodulacho ndiye chotchipa, komanso mwapulumutsa maola awiri kapena atatu a tulo tsiku lililonse. Ndipo kumbukirani sitiraka ya matakisi ya mu Ogasiti 2023, imene inatha pafupifupi sabata. Amene ankadalira takisi yokha anayenda wapansi pa msewu waukulu wa N2, ena anagona kuntchito. Dera labwino ndi limene lili ndi njira ziwiri, takisi ndi basi, kapena takisi ndi sitima.

Mayi Nabanda: Pa nkhani ya 11 koloko ija, achimwene, musaivutikire nokha. Lamulo la ntchito la kuno, Basic Conditions of Employment Act gawo 17, limati ntchito ya pakati pa 6 koloko madzulo ndi 6 koloko m'mawa ndi ntchito yausiku, ndipo bwana angakugwiritseni nthawi imeneyo pokhapokha thiransipoti ilipo pakati pa kuntchito ndi kumene mukukhala. Silinena kuti ikhale yaulere, limati ikhalepo. Malesitilanti ambiri a kugombeko ali ndi galimoto yotula antchito usiku, ena amadula kangachepe pa malipiro. Imbirani manijala musanasamuke, mufunse kuti galimotoyo imatula madera ati. Mukachita lendi kunja kwa njira yake adzakuuzani kuti zimenezo n'zanu.

Yamikani: Zikomo mayi, limeneli sindimalidziwa, ndiimba mawa. Nanga MyCiTi imalandira ndalama pamanja?

Che Jafali: Ayi. Mugule khadi ya myconnect pa siteshoni ya MyCiTi, muikemo ndalama. Mumagunditsa polowa, mumagunditsanso potsika, mukaiwala potsika amakudulani chindapusa. Mtengo umatengera mtunda, ndipo m'kati mwa sabata umakwera pa nthawi yothithikana, 06:45 mpaka 08:00 m'mawa ndi 16:15 mpaka 17:30 madzulo. Mukagunditsa nthawi zimenezi zisanakwane mwapulumutsa. Koma ya 11 koloko usiku musaidalire, onani ndandanda ya basi yomaliza pa njira yanuyo, ndipo Lamlungu mabasi amachepa.

Mayi Nabanda: Tsopano za ndalama zolowera. Kuno lendi imaperekedwa mwezi usanayambe, pa 1. Ndiye tsiku lolandira makiyi mufunika lendi ya mwezi woyamba ndi dipoziti, kawirikawiri yofanana ndi mwezi umodzi, ena amafuna iwiri makamaka kwa munthu wobwera amene alibe mbiri ya ngongole m'dziko muno. Pa chipinda cha R3,500 ndiye kuti R7,000 yatuluka musanagule ndi bulangete lomwe, kapena R10,500 ngati akufuna miyezi iwiri. Mukadzera kwa ejenti pamakhalanso ndalama yolembera lease, pepala la mgwirizano wa lendi, ndi yofufuzira mbiri yanu. Onjezani chakudya ndi thiransipoti ya mwezi wathunthu, chifukwa malipiro oyamba mudzawaona kumapeto kwa Juni. Mukalowa pakati pa mwezi musalipire mwezi wonse. Kulowa pa 20 m'mwezi wa masiku 30 ndi masiku 11, R3,500 kugawa ndi 30 kuchulukitsa ndi 11, ndi R1,283.

Maejenti ambiri amafuna kuti malipiro anu akhale katatu kuposa lendi. Pa R8,500 ndiye kuti adzakuvomerani pa nyumba ya pafupifupi R2,800, ndipo fulati ya mtengo umenewo kufupi ndi tauni simuipeza. Adzafunanso pasipoti, permit, ma payslip a miyezi 3 ndi bank statement ya miyezi 3. Poti ntchito ndi yatsopano, tengani kalata ya ntchito kapena kontirakiti yosonyeza malipiro ndi tsiku loyamba, pamodzi ndi ma payslip a ku Joni. Akafunsa permit musakhumudwe, lamulo la Immigration limaletsa kuchititsa lendi munthu wopanda mapepala, ndiye akudziteteza. Ena salemba lease yopitirira tsiku limene permit ikutha.

Chikondi M: N'chifukwa chake ambiri amagwirizana anthu atatu kapena anayi n'kutenga fulati imodzi, wina m'modzi wamalipiro okwera ndiye amasaina.

Mayi Nabanda: Zimathandiza, koma pali msampha. Amene wasainayo ndiye alandilodi akumudziwa. Inu mukamapereka ndalama kwa iye, iye osakafikitsa, nonse mutuluka ngakhale munalipira mwezi uliwonse. Lease zambiri zimaletsanso kulowetsa anthu ena popanda chilolezo cholembedwa, ndipo m'mafulati oyendetsedwa ndi body corporate, bungwe la eni mafulatiwo, muli malire a chiwerengero cha anthu pa fulati. Ndiye musanalowe, pemphani muione lease yaikuluyo ndi maso anu: ikutha liti, ikulola anthu angati, lendi yeniyeni ndi zingati. Ena amatenga fulati ya R9,000 n'kumatolera R13,000 kwa anzawo, iwo n'kumakhala ulere. Chabwino koposa ndi kuti dzina lanu lilembedwe pa lease, kapena gawo lanu muzilipira mwachindunji ku akaunti ya mwininyumba.

Gift wa Magetsi: Ndilowepo pa za magetsi, chifukwa apa ndi pamene chipinda chotchipa chimadulira mobisa. Funsani mafunso atatu: mita ndi ya ndani, mayunitsi amagula ndani, giza, thanki yotenthetsera madzi, ili pa mita iti.

Zipinda za kuseri zambiri zimakoka magetsi ku nyumba yaikulu ndi waya umodzi. Pamakhala mavuto awiri. Loyamba ndi mtengo. Magetsi a prepaid a kuno amagulitsidwa mwa masitepe, nyumba ikadutsa mlingo wina pamwezi yuniti iliyonse yotsatira imadula. Mabanja asanu akakhala pa mita imodzi amaudutsa mlingowo msanga, ndiye R100 yomwe ija imagula mayunitsi ochepa pa 20 kusiyana ndi pa 2. Kenako mkangano, uyu akuti uyo ali ndi hita, uyo akuti uyu amaphika nyemba tsiku lonse. Lachiwiri ndi mphamvu ya waya. Soketi imodzi ya 16 amp pa 230 volt imanyamula pafupifupi mawati 3,600. Ketulo ndi 2,000, sitovu ya mapuleti awiri ndi 2,000 inanso. Kuyatsa ziwirizo pamodzi mwadutsa kale, breaker igwa. Ikapanda kugwa ndiye zoopsa kwambiri, chifukwa ndiye kuti wayayo akutentha. Gwirani pulagi ndi soketi pamene sitovu ikuyaka. Zikafunda, kapena mukaona soketi yakuda m'mphepete, waya wolumikiza ndi tepi, waya wodutsa pansi pa chitseko kapena wokhudza malata, chipindacho chisiyeni.

Chabwino ndi chipinda chokhala ndi sub-meter yakeyake, mumagula mayunitsi anu nokha. Dziwani kuti mamita a makampani apadera amaonjezera kandalama ka ntchito yawo pa yuniti, ndiye funsani amene akukhalapo kale kuti R100 ikuwapatsa mayunitsi angati. Za giza: ya malita 150 nthawi zambiri ili ndi element ya 3 kW. Ikatenthetsa maola awiri patsiku ndi mayunitsi 6, pamwezi 180. Ngati giza ya pabwalo lonse yalumikizidwa ku mita yanu, mukusambitsa anthu onse ndi thumba lanu. Kuyesa kwake n'kosavuta: zimitsani chilichonse m'chipinda, muyang'ane kanyali ka pa mita. Kakamaphethirabe msangamsanga, pali china chikudya kwina.

Bambo a Tadala: Ndipo alandilodi akati "magetsi ndi madzi zili m'kati mwa lendi", afunseni ngati hita ndi yololedwa. Ambiri amakana ikafika Juni.

Aunt Esnart: Juni yemweyo ndiye nkhani. Achimwene, nyengo ya kuno ndi yotembenuka. Kwathu ndi ku Joni mvula imagwa kukutentha, dzinja la Cape Town mvula imabwera ndi chisanu, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo imatha kugwa masiku angapo osakata. Mwachita mwayi kuti mukufuna nyumba nthawi imeneyi, chifukwa chilema chilichonse chimaonekera. Amene amaona chipinda mu Januwale amadzadabwa mu Julaye. Mukalowa, nunkhizani kaye musanayang'ane. Fungo la chinyezi silibisika. Sunthani bedi kapena wodilopu muone khoma kuseri. Madontho akuda m'makona ndi chuku, penti yotupa kapena yosenda cha m'munsi mwa khoma ndi madzi okwera kuchokera pansi. Khoma limodzi lokha lopakidwa penti yatsopano, funsani chifukwa chake. Yang'anani siling'i ngati ili ndi mabanga achikasu. Panja onani ngati pansi pa chipinda pali pokwera kuposa bwalo. Madera ambiri a Cape Flats, kumene kuli Khayelitsha, Philippi ndi Delft, ndi a mchenga, madzi ali pafupi pansi, mvula ikalimbikira amatulukira m'nyumba momwe. Ku Masiphumelele mbali ya kudambo ndi chimodzimodzi.

Zenera liyang'ane kumpoto ngati n'kotheka, ndi kumene dzuwa la m'nyengo yozizira limadzera. Chipinda choyang'ana kummwera, kapena chimene chili pamthunzi wa phiri, sichiuma, zovala ndi nsapato zimachita chuku m'wodilopu, ndipo mwana sachedwa kudwala chifuwa. Zenera likhale lotsekuka, chifukwa mukuphikira momwemo ndi kuyanika momwemo.

Gift wa Magetsi: Kuonjezera apo, kufupi ndi nyanja mpweya uli ndi mchere. Maloko, mahinjesi, mabagala a pawindo ndi malata zimadyeka ndi dzimbiri msanga. Gwedezani mabagala ndi dzanja, ena amaoneka olimba chifukwa cha penti koma m'munsi anaduka kale. Loko wa pachitseko muike wanu tsiku lolowa, mutagwirizana ndi alandilodi, simudziwa kuti makiyi akale ali ndi anthu angati.

Chikondi M: Ine ndinene za akuba a pa intaneti, poti achimwenewa akufufuza ali kutali, ndipo oterowo ndiye nyama yawo. Pa Facebook Marketplace, Gumtree ndi magulu a WhatsApp pamaikidwa zithunzi za fulati yokongola ku Sea Point kapena Green Point pa mtengo wa chipinda cha ku Dunoon. Mukalemba amayankha msanga: anthu ambiri akuifuna, tumizani dipoziti kuti tikusungireni, ine ndili kunja kwa tauni makiyi akupatsani mlonda. Mukatumiza, nambala yazima. Musatumize kalikonse, ngakhale R300 yoti ndi "yoonera nyumba", musanalowe m'kati ndi mapazi anu. Ndipo kulowa kokha sikokwanira, pali ena amabwereka fulati ya Airbnb, ya alendo olipira patsiku, masiku awiri n'kuonetsa anthu khumi, aliyense n'kusiya dipoziti. Ndiye gogodani kwa neba kapena funsani mlonda wa pageti kuti mwini wake ndi ndani ndipo munthu wakuonetsaniyo amamudziwa. Pemphani bilu ya khonsolo ya nyumbayo, dzina la pabilu lifanane ndi la pa ID yake komanso la pa akaunti ya kubanki. Akakana akaunti n'kumati tumizani pa eWallet, ndalama za pa nambala ya foni, kapena pa kauntala ya m'sitolo, thawani. Zithunzi mutha kuziika pa Google Lens, nthawi zambiri mupeza kuti zinabedwa pa Property24 pa nyumba yogulitsa. Amene akuti ndi ejenti akhale ndi Fidelity Fund Certificate, chiphaso chake cha ntchito chimene sichinathe nthawi, chochokera ku PPRA, bungwe loyang'anira maejenti a nyumba, mufunseni akuonetseni.

Che Jafali: Ndipo tisanamizane, ena mwa ochita zimenezi amayankhula Chichewa chomwechi. "Mlamu musadandaule, ndife amodzi." Chilankhulo si risiti.

Yamikani: Apa ndiye mwandiopseza. Ndiye ndipange bwanji poti pa 1 ndiyenera kukhala pa ntchito, ndipo sindingabwere kawiri?

Bambo a Tadala: Musafune nyumba yokhazikika muli ku Joni. Fikani masiku 7 kapena 10 ntchito isanayambe, mufikire kwa wachibale, wa kumpingo kapena pa chipinda cholipira pa sabata, mutagwirizana poyera kuti mukhala mpaka liti ndipo muthandiza zingati pa magetsi ndi chakudya. Masiku amenewo muone zipinda zosachepera zisanu. Chimene chakusangalatsani mupiteko kawiri, masana ndi usiku cha m'ma 9 koloko, makamaka Lachisanu. Masana simungadziwe kuti nyumba yoyandikana ndi shabini, kapena kuti kuchoka potsikira basi kufika pageti ndi mdima wokhawokha. Yesani ulendo wa kuntchito pa ola lenileni limene muzidzayenda. Choyamba mutenge cha mwezi ndi mwezi, chokwanira inu nokha. Cha banja mudzafune mu Ogasiti kapena Seputembala muli ndi ma payslip atatu a kuno, mukudziwanso madera.

Aunt Esnart: Koma asadikire mpaka Disembala. Nthawi ya alendo mitengo ya kugombe imapenga. Chenjeraninso ndi lease zokoma za m'nyengo yozizira ku Sea Point, Blouberg ndi Muizenberg, zolembedwa Meyi mpaka Novembala. Mtengo umatsika chifukwa mwini wake akufuna mutuluke pa 30 Novembala aikemo alendo a tchuthi olipira patsiku. Mudzapezeka mukusaka nyumba pamene ntchito ya kulesitilanti yafika pachimake ndipo zipinda kulibe. Januwale ndi Febuluwale nawonso ndi ovuta ku Observatory, Mowbray ndi Bellville chifukwa ana a sukulu za ukachenjede amakhala akubwerera.

Mayi Nabanda: Tsiku lolowa ndi limene limapulumutsa dipoziti yanu, ndiye mvetserani. Rental Housing Act ya 1999 imati inu ndi alandilodi muyendere nyumba limodzi musanalowe, zowonongeka zilembedwe, pepalalo liphatikizidwe ku lease. Jambulani chilichonse: galasi losweka, matailosi ong'aluka, mpopi wodontha, nambala ya pa mita ya magetsi ndi ya madzi. Zithunzizo muwatumizire pa WhatsApp tsiku lomwelo kuti deti ioneke. Dipoziti iyenera kusungidwa ku akaunti yopanga chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho ndi chanu. Potuluka muyenderanso limodzi m'masiku 3 omaliza. Ngati palibe chowonongeka ndipo mulibe ngongole, ndalama ibwezedwe m'masiku 7. Ngati pali zokonza, adule ndi malisiti ooneka, yotsalayo ibwere m'masiku 14 nyumba itabwezedwa. Mukakana kubwera poyendera ndi masiku 21. Alandilodi akapanda kuyendera nanu, lamulo limatenga kuti avomereza kuti nyumba ili bwino, abweze yonse.

Pa lease werengani malo awa: lendi idzakwera liti komanso ndi maperesenti angati, notisi ndi yaitali bwanji, madzi, zinyalala ndi suweji akulipira ndani, ndipo mkazi ndi mwana akabwera lendi isintha kapena ayi. Lomalizali lilembedwe tsopano, chifukwa eni zipinda za kuseri ambiri amawerengera pa mutu.

Che Jafali: Mayi, zonsezo ndi za m'mafulati. Ku lokeshoni kulibe lease, mumapatsana ndalama pamanja basi. Mukayamba kutchula malamulo akuuzani kuti chipinda chatengedwa.

Mayi Nabanda: Lamulolo limagwira ngakhale pa mgwirizano wapakamwa, Che Jafali, vuto ndi umboni. Sindikuti apite ndi buku la malamulo m'manja. Agule kabuku ka malisiti, mwezi uliwonse alembe deti, ndalama, mwezi umene akulipira, alandilodi asaine. Risiti ndi ufulu wake, ndipo akapempha kuti mgwirizano ulembedwe mwininyumba ayenera kulemba. Tsamba limodzi likwanira: maina, adiresi, lendi, dipoziti, notisi, za magetsi. Kapena alipire kudzera ku banki ndi mawu oti "rent July". Pakavuta pali Rental Housing Tribunal ya Western Cape, kudandaula ndi kwaulere, sipafunika loya, ndipo chigamulo chake chili ndi mphamvu ngati cha khoti la majisitireti. Alandilodi alibe mphamvu yokutsekerani chitseko, kukudulirani magetsi kapena kutulutsa katundu wanu panja popanda chilolezo cha khoti, ngakhale muli ndi ngongole. Komanso ngati mwasaina ya miyezi 12 ndi munthu amene kuchititsa lendi ndi bizinesi yake, ntchito n'kutha pakati, Consumer Protection Act imakulolani kuithetsa ndi notisi yolembedwa ya masiku 20 ogwira ntchito. Angakulipiritseni chindapusa choyenerera, koma osati miyezi yonse yotsala.

Chikondi M: Pepala lija lithandizanso ku banki ndi kusukulu ya mwana, amafuna umboni wa kumene mukukhala. Ngati palibe lease, alandilodi alembe affidavit, kalata yolumbira, yoti mumakhala pakhomo pawo, ikadindidwe kupolisi, salipiritsa. Afunseni musanalowe ngati angavomere kutero, ena amakana chifukwa zipinda zawo sizidziwika ku khonsolo.

Yamikani: Ndamva zonse, Mulungu akudalitseni akuluakulu. Funso lomaliza: ndili ndi bedi, firiji yaing'ono ndi sitovu kuno. Ndinyamule kapena ndigulitse?

Bambo a Tadala: Joni ndi Cape Town ndi makilomita pafupifupi 1,400, ndipo mukufikira kwa eni ake. Bedi gulitsani, mtengo wonyamulira ungafanane ndi wogulira lina lakale kuno, komanso simukudziwa kukula kwa chipinda. Firiji ndi sitovu zisiyeni ndi mayi a kunyumba, zidzabwere nawo pamodzi pa ngolo ya basi kapena pa galimoto yogawana mukadzapeza malo okhazikika. Firiji ikadzafika mutaigoneka, iimikeni maola angapo musanaiyatse kuti mafuta a kompresa abwerere pansi. Panopa nyamulani mabulangete awiri, jekete losalowa madzi, nsapato zotseka, mapoto awiri ndi mapepala anu onse, mutawajambulanso pa foni. Ambulera musavutike nayo, mphepo ya pa Victoria Road imaithyola tsiku loyamba.

Gift wa Magetsi: Ngati pa katunduyo pali zochokera kumudzi za pulagi ya mano atatu afulati, mugule adaputala yabwino imodzi kapena musinthe pulagi muike ya kuno ya mano obulungira. Zolowetsa mawaya osenda m'soketi ndi chotokosera zija, m'chipinda cha chinyezi musayese.

Che Jafali: Mukamva kwa manijala kumene galimoto yausiku imatula, lembani pano. Ikakhala ya ku Hout Bay tifunsa kwa amene akutuluka m'zipinda kumapeto kwa Meyi, notisi amapereka pa 1 ndiye pofika pakati pa mwezi zimakhala zadziwika. Nambala za foni musaike pagulu, tidzalankhulana ku inbox.